Ba Shimaluba ndi Dothi la m'Ngalande

Apongozi anga aamuna, a Wadisoni Nkhoma, tinawaika m'manda mwezi watha, mvula yoyamba itangogwa. Anasankha nyengo yolakwika. Munthu amene chaka chilichonse ankayamba kuyang'ana kumwamba mwezi wa Okutobala usanathe, timapepala ta mbewu za maluwa tili m'thumba la jekete, anatisiya sabata yomwe fungo la dothi lonyowa linadzaza komboni yathu yonse ya Katondo, kuno ku Kabwe. Kumanda, itakwana nthawi yoika maluwa, sindinaone nkhata ya pulasitiki ngakhale imodzi. Azimayi a ku Katondo, a ku Ngungu mpaka a ku Kamushanga anabwera ndi maluwa othyola pamakomo pawo, ena atafota kale ndi kutentha kwa m'minibasi. Bana Mulenga, mayi amene tinayandikana nawo nyumba, anandinong'oneza kuti, "Mwaona? Yonse aya ni mbeu zabo. Kulibe wamene anagula."

Ine ndinaika duwa langa n'kubwerera pamalo panga, m'maso muli gwa. Ndikudziwa kuti anthu anaona. Mkazi amene wakhala nyumba imodzi ndi nkhalamba zaka zonsezi, kuiphikira ndi kuichapira, amayenera kulira mpaka kugwiridwa. Koma pakati pa ine ndi bambo amenewa panali mwana wanga Tiyamike, ndi kabedi ka maluwa kamene kanali m'mbali mwa khoma lathu. Iwo ankakhulupirira kuti mwanayo anamuwononga ndi manja awo. Zaka zawo zonse zomaliza anakhala akudikira kuti ine, mayi wake, ndiwauze kuti si mlandu wawo.

M'komboni monse panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Anali ba Shimaluba, tate wa maluwa, dzina limene anzawo olankhula Chibemba anawapatsa mowaseka, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Kabedi kakeko sikanali kanthu. Kutalika kwake kunali ngati mphasa ziwiri zolumikiza, ndipo ukagwada kutsogolo kwake dzanja linkafika pakhoma. Koma akayamba kukonzekera dzinja ukanati akutsegula esiteti ya fodya. Ankayala timapepala tawo pa sitepe, n'kumatisuntha uku ndi uku, akung'ung'udza, tiyi n'kuzizira pambali.

Malamulo awo ndinawaloweza osafuna, chifukwa ankawanena mokweza chaka ndi chaka. Zazitali zinkapita kukhoma: kana wa masamba aakulu aja, ndi dalia. Dalia ankamutcha adona, ati chifukwa sangaime yekha popanda kumuzikira ndodo yotsamira. Pakati ankaika zinya ndi saliviya wofiira psuu, kutsogolo marigodi wachikasu, amene ankati ndi wantchito weniweni, sadandaula dzuwa kapena mvula. Chofiira sankachiika pafupi ndi chapinki. Ankati awiriwo amakangana ngati akazi a mitala, ndiye pakati pawo pamafunika duwa loyera likhale nkhoswe. Khoma lathu limawombedwa ndi dzuwa la masana, choncho maluwa ofewa ankawakana ngakhale munthu awapatse ulere. Kosimosi ndiye ankadana naye kwambiri. Ati ameneyo ndi mlendo wopanda ulemu, ukamupatsa mpando chaka chino, chaka chamawa wadzaza nyumba ndi abale ake.

Luso lawo lalikulu linali lakuti sankafesa zonse tsiku limodzi. Zinya ankamufesa pang'onopang'ono, wina lero, wina pakapita masabata, kuti oyamba akamafota ena akhale akutsegula. Ankati bedi lizikhala ngati mgodi, shifiti ina ikutuluka ina ikulowa, kuyambira Khirisimasi mpaka Isitala pasakhale tsiku loti khoma lili maliseche.

Ku Kabwe anabwera ali mnyamata kuchokera ku Dedza, akufuna ntchito ya pansi pa mgodi monga anzawo. Adokotala atawayeza anati chifuwa chawo n'chochepa, ndiye anawatumiza kukasamala mayadi a mabwana. Kumeneko ndi kumene anaphunzira mayina onsewa, n'kuwapinda kuti akwane pakamwa pawo. Chaka chilichonse ankalengeza kuti maluwa akatha akupita kwawo kukaona manda a makolo. Maluwawo sanathe. Koma Chichewa chawo sanachisiye panjira. Ife tikati nshima iwo ankati nsima, tikati chibwabwa iwo nkhwani, ndipo ankatiyang'ana ngati tawabera kanthu.

Ine ndinabadwira ku Ngungu. Makolo anga nawonso anachokera ku Malawi, koma ndinakula ngati mwana aliyense wa m'tauni, pakamwa pali posatseka. Nditakwatiwa ndi mwana wawo Faniwelo, amene ankagwira ntchito ku ng'anjo yosungunulira miyala ya mgodi, ndinapeza apongozi aakazi anamwalira kalekale, ndipo aamunawa akusunga mwambo wa kwawo ngati akadali ku Dedza. Mkazi wa mwana wawo sankamuyang'ana kumaso, sankadya naye pamodzi, sankalankhula naye mwachindunji. Tikakumana pakhomo, wina ankayenera kupatuka. Izitu zinali m'nyumba ya zipinda ziwiri, yoti munthu akayetsemula kuchipinda wa pabalaza amapukuta nkhope.

Faniwelo akachoka, apongozi ankauza khoma. "Khoma iwe, kodi mchere unatha m'nyumba muno?"

Ine ndinkayankha poto. "Poto iwe, bauze ati ba dokota ndiye banakana."

Tiya atabadwa n'kuyamba kulankhula, tinapeza mthenga. Mwana ameneyo anayamba mawu asanalimbe miyendo. Ankathamanga pakati pathu, ife tili poti tikhoza kupatsirana supuni, akunyamula uthenga n'kuwonjezerapo wake.

"Tiya, kauze amako kuti madzi a sopo asamathire pa maluwa anga."

"Tiya, bauze agogo bako ati manzi tigula, siyagwa chabe kumwamba."

Iye n'kufika kwa agogo ake, manja m'chiuno. "Amai bakamba ati muli na nkani maningi."

Apongozi ankaseka mpaka kutsokomola. Dzina la Tiyamike analipereka ndi iwo, ndipo ankauza aliyense wodutsa kuti mdzukulu wawo adzakhala loya.

Mgodi utatsekedwa, tauni inazizira ngati pamaliro. Saireni imene inkatidzutsa inaleka kulira, amuna akuluakulu n'kumakhala pansi pa mitengo m'mawa wonse akukambirana za ndani wagula chiyani cha kampani, ndi ndani akubwera kudzatsegulanso. Sanabwere munthu. Faniwelo ankachoka m'mawa kukasaka maganyu amene kuno timati mapisiweki, ine n'kuyamba kugulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Katondo. M'komboni aliyense amene anali ndi kadothi pakhomo anazula maluwa ndi mipanda n'kudzala repu. Ine maso anga anagwera pa kabedi kaja.

Mkangano umenewo unali waukulu, ndipo Tiya anatopa nawo miyendo. Ndinatumiza mawu akuti tili ndi njala, maluwa satafunidwa. Iwo anabweza akuti pakhomo pa munthu wosauka payenera kukhala chinthu chimodzi chosadyedwa, apo ayi anthu amaiwala kuti si mbuzi. Ndinatumizanso akuti ndiye mawa ndiwaphikira adona awo aja ndi nsinjiro. Tsiku lina atapita ku tchalitchi ndinazula mzere wonse wa marigodi n'kuwokerapo repu. Pobwera kumsika mawa lake ndinapeza repu wanga ali m'zitini kuseri kwa nyumba, atawokedwa bwino kuposa mmene ndinachitira ine, wathiriridwa, ndipo marigodi wabwerera pamalo pake. Ndinapsa mtima sabata yathunthu. Lero ndimaganiza kuti ndikanapambana, tonse m'nyumba muno tikanadya ndiwo za pa dothi limenelo.

Dothilo linabwera chonchi. Kale manyowa ankawatenga kwa anzawo osamala mayadi a kampani, koma tsopano zimenezo zinali zitatha, ndipo za feteleza panalibe wozitchula. Pafupi ndi Katondo pamadutsa ngalande imene inkachotsa madzi ku mgodi. Anthu oikonza ankavuula matope n'kuwaunjika m'mbali. Matopewo anali akuda bii, ndipo akauma ankafewa ngati ufa wosefa. Apongozi anawatapa m'dzanja, kuwanunkhiza, n'kunena kuti dothi lotere analiona komaliza kudimba la amayi awo. Anabwereka wilibala kwa bana Mulenga n'kututa okha, nkhalamba yonseyo, mpaka bedi linakwera kufika m'mawondo a mwana. Sanali okha. Ambiri anatuta, ena atalangizidwa ndi iwo omwe.

Dzinja limenelo khoma lathu linayaka ndi maluwa. Anthu opita kumsika ankaima pamsewu. Mnyamata wojambula zithunzi ankabweretsa makasitomala ake kudzaima patsogolo pa zinya, atsikana atavala madiresi obwereka, ndipo apongozi ankawalondolera poponda ngati wapolisi wa pamsewu. M'chaka chimene aliyense ankayenda atazolika, iwo ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Tiya ankatsala ndi iwo ine ndikapita kumsika. Ankakhala m'mphepete mwa bedi, akuumba tinsima ta dothi lakuda lija, kugawira agogo ake, kwinaku akudya. Iwo ankangoseka, ati mwana aliyense amadya dothi, ifenso tinakula nalo. Madzulo ndinkamupeza kukamwa kuli bii, ndinkamupukuta ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza kuwerengera tomato wotsala. Panalibe chondidabwitsa.

Anayamba ndi kudandaula m'mimba. Kenako anasiya kudya, m'maso munayera, ndipo mwana wansangala uja anasanduka wolira ndi woluma anzake. Tsiku lina masana anagwa pakhomo, thupi lonse gwa, maso atatembenuka. Apongozi anamubereka kumsana n'kuthamanga naye okha mpaka kuchipatala, opanda nsapato. Kumeneko anamupatsa mankhwala a malungo. Anachira, tinathokoza Mulungu, koma amene tinabwera naye kunyumba sanali Tiya yense. Ukamutuma ankanyamuka bwinobwino, n'kuima pakati pa njira akuyang'ana zala zake, uthenga utagwa. Kusukulu anabwereza giredi imodzi mpaka ana a anzanga aang'ono anamupeza n'kumupitirira. Aphunzitsi anandiuza mwaulemu kuti mutu wake sugwira.

Tinayenda. Kwa aneneri tinapita, kwa asing'anga tinapita, ndipo apongozi anagulitsa njinga yawo kuti tifike kwa wina wa kutali amene anatiuza kuti walodza ndi munthu wapafupi. Bana Mulenga ndinakhala osawapatsa moni chaka chathunthu, mayi wosalakwa amene ankatigawira ufa.

Papita zaka, Tiya ali kamtsikana kotalika kundifika paphewa, m'komboni munabwera anthu a zaumoyo. Ankatenga magazi a ana ndi dothi la m'mayadi, kulithira m'timapulasitiki. Patapita nthawi nesi wina anabweranso ndi yankho. Unali mwezi wa Febuluwale, bedi lili pachimake. Ndinamupatsa mpando pabwalo, apongozi ali pa sitepe chapatali monga mwa nthawi zonse, atatipatsa mbali.

"Amake Tiya," anatero nesiyo, "mu magazi ya mwana muli ledi yambiri, mtovu uja wa ku maini. Ili mu fumbi, ili mu doti, komboni yonse. Bana bambiri tabapeza nayo. Bati pa yadi panu pali malo yamodzi yamene yapitilila maningi." Analoza maluwa. "Iyi doti munaichosa kuti?"

Ine ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha. "Ku ngalande, mayi. Ndinatuta ndekha."

"Mwana enze kusobelelapo ali mung'ono?"

Apongozi anayang'ana m'mphepete mwa bedi, pamene Tiya ankasewera ali wamng'ono. Nesiyo anali munthu wabwino. Ataona nkhope ya nkhalambayo anafulumira kunena kuti palibe angaloze malo amodzi, kuti fumbi limauluka kuchokera ku milu ya zotaya za mgodi, kuti limalowa ngakhale m'nyumba zosesedwa bwino. Analankhula za kusamba m'manja, za mkaka ndi mazira, za kuthira madzi pabwalo tisanasese. Apongozi anali atasiya kale kumva.

Masana omwewo ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Ndinamva mapazi, ndinasendera kuti adutse monga tinkachitira. Sanadutse. Anavula chipewa, anagwada pansi pamatope a madzi otsukira, patsogolo panga, n'kundiyang'ana kumaso. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo maso awo. Anali aang'ono, ozunguliridwa ndi kamzere kotuwa ka ukalamba.

"Amake Tiya," anatero. "Ndine. Mwana uja ndinamudyetsa ndine."

Bana Mulenga anali akuyanika zovala kuseri kwa mpanda. Ataona anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Bambo wobereka mwamuna wako kukugwadira si chinthu choonerera, n'choopsa. Mkazi woleredwa amadzigwetsa pansi kuposa iwo, amawagwira mkono n'kuwadzutsa. Ine ndinaima chilili, mbale ili m'manja. Mkwiyo umene ndinayenda nawo zaka zonse zija, kuupereka kwa afiti, kwa Mulungu, kwa bana Mulenga, tsiku limenelo unapeza mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali atadzipereka yekha.

"Nyamukani," ndinatero. "Bantu baona."

Ndinalowa m'nyumba. Mawu amene ndinalankhulapo nawo maso ndi maso m'moyo wawo wonse ndi amenewo.

Mawa lake anazula zonse, zinya ali ndi maluwa, adona ndi ndodo zawo. Anadzaza wilibala ndi dothi lija n'kunyamuka kukalitaya. Anabwera dzuwa litapendeka, wilibala ili yodzaza chimodzimodzi. Anauza Faniwelo kuti ayenda komboni yonse, kudzala, kuseri kwa msika, m'mbali mwa njanji, ndipo paliponse pamene ankafuna kukhuthula anapezapo ana akusewera. Kungalande nako anapeza tiana tikusambira. Ndiye analibweza pamalo pake, n'kunena kuti poti analibweretsa ndi iwo, alilondera ndi iwo.

Kuyambira pamenepo kasankhidwe kawo ka maluwa kanasintha. Funso silinalinso lakuti ili likongola pafupi ndi liti, koma lakuti ili liphimba dothi kapena ayi. Dalia anamuchotsa ntchito chifukwa amasiya pansi poyera. Khasu analipachika, ati kulimira kumadzutsa fumbi. Anadzala kaduwa kena kokwawa ka masamba onenepa, kamene kamatsegula dzuwa likakwera n'kutseka masana, kanayala ngati bulangeti. Kukhoma anasiya kana kuti achulukane mmene angafunire. Kutsogolo, pamene panali marigodi, anaika kamtengo kaminga ka timaluwa tofiira, kuti mwana akafuna kukhalapo abayidwe. Ngakhale kosimosi, mdani wawo, anamulola kulowa ndi abale ake onse. Chofiira chinakhala pa chapinki, chachikasu pa chofiirira, mitala yonse inkakangana pakhoma pathu popanda nkhoswe, ndipo iwo sankasamala. Chodabwitsa n'chakuti anthu ankaimabe pamsewu n'kumati chaka chino ba Shimaluba apambana. Akamva zimenezo ankalowa m'nyumba.

M'chilimwe, madzi akusowa, ankasunga amene tawapatsa osamba n'kukathira pabedi, osati chifukwa cha maluwa koma kuti fumbi lisadzuke. Munthu amene kale ankathyolera ana a sukulu maluwa okapatsa aphunzitsi anayamba kuwathamangitsa ndi ndodo, mpaka ana anamupeka nyimbo yomunena ufiti. Anayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anawalangiza za dothi la m'ngalande. Ena anamva, ena anawauza kuti repu wawo akukula bwino, nkhalamba isawasokoneze. Mbewu ankagawabe kwa azimayi, koma aliyense wolandira ankayenera kuima kaye n'kumva ulaliki wonse wa dothi ndi manja a ana. Azimayiwo ankatsinana, koma ankabwerabe.

Ndi Tiya anali ngati munthu wobweza ngongole yosatha. Sankadya iye asanadye. Dzira limene ndinkawaphikira chifukwa cha ukalamba ndinkaliona likusamukira m'mbale ya mdzukulu. Ankamusambitsa m'manja okha, chala chimodzichimodzi, ngakhale atakula mpaka kuchita manyazi. Ankamuphunzitsa mayina a maluwa, lero, mawa, mkuja, osatopa, ndipo mwana amene sankatha kusunga masamu a giredi yoyamba anasunga zinya, saliviya, marigodi. Lero ndi mayi wamkulu, amandithandiza pamsika. Chenji sapereka, koma tomato amamusanja mwa mtundu wake, wofiira, wapakati, wobiriwira, ndipo tebulo langa limaoneka bwino kuposa onse pamzere wathu.

Kwa ine anabwerera ku mwambo wakale, koma unali utalemera. Khoma analeka kuliuza za mchere. Ndikamadutsa ankaimirira, kuvula chipewa, n'kudikira. Ndinkadziwa chimene akudikira. Ndinkadziwanso zonse zimene nesi uja ananena. Ndinkadziwa kuti Faniwelo ankabwera kuchokera ku ng'anjo ovolosi ili mbuu, Tiya n'kumuthamangira kukamukumbatira. Ndinkadziwa mphepo ya mu Ogasiti imene inkatidzazira fumbi m'mbale. Ndinkadziwa nsonga ya chitenje changa. Koma mlandu wa anthu ambiri ulibe poukalipira, pomwe iwo anali pomwepo pa sitepe, chipewa chili m'manja. Ndinkadutsa. Faniwelo anandipempha kangapo kuti ndingowauza mawu amodzi, bambo ake agone tulo. Ndinkamuyankha kuti mwambo wa kwawo womwewo sundilola kulankhula nawo. Mwambo umenewo ndinaunyoza zaka zambiri, koma pamenepa unandikomera.

Chilimwe chathachi anagwa mphasa. Miyendo inatupa, mawu anachepa. Mmawa wina ndili pabalaza ndikusankha nyemba, ndinawamva kuchipinda akubwereza chinthu chimodzi kwa Tiya, iye n'kumabwereza pambuyo pawo, akalakwitsa n'kuyambiranso. Anatha nthawi yaitali. Kenako Tiya anatuluka, anaima patsogolo panga, manja atawagwira kumbuyo ngati mwana wonena ndakatulo kusukulu.

"Agogo akuti, ndikapita, Faniwelo athire simenti pa bedi. Palibe adzalilondere."

Uthengawo unafika wonse, m'Chichewa chawo cha ku Dedza. Nyemba zinandisokonekera m'maso. Munthuyu akufa, ndipo chimene chikumusowetsa mtendere ndi ana a eni ake amene adzakhale pa dothi lija iye kulibe. Mtima umene ndinauumitsa zaka zonsezi unangoti phwa.

"Tiya," ndinatero, "yenda ukabauze agogo ati amai bakamba, si mulandu wanu. Kamba nimvele."

"Si mulandu wanu."

"Futi."

"Amai bakamba, si mulandu wanu."

Analowa. Ndinamva mawu ake chapansipansi, kenako a agogo ake akuti, "Zikomo, mama, wachita bwino." Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Madzulo tikuphika ndinamufunsa kuti anawauza chiyani. Anaganiza nthawi yaitali, akuyang'ana zala zake.

"Ninabauza ati makumbi yabwela kumwamba. Mvula ili pafupi."

Ndinati mawa ndikanena ndekha. Mawa lake ndinalowadi ndi phala, ndinagwada pakhomo la chipinda, maso pansi. Iwo anatembenukira kukhoma mwaulemu wawo. Ndinaika mbale pampando, ndipo ndinauza mpandowo kuti phala lili apa. Ndinatuluka ndikudzilonjeza za madzulo. Masana Faniwelo anawatengera kuchipatala atasiya kuzindikira anthu, ndipo sanabwereko. Zimenezi zimandiwawa, ndipo palibe amene ndingamukalipire.

Faniwelo anachita zimene bambo ake ananena. Tinadula maluwa onse osagwedeza dothi, ndipo mmisiri anathira simenti yokhuthala kuyambira pakhoma mpaka pamsewu. Tsopano pamene panali bedi pali chipupa chogona, chotuwa, chosalala. Pakhoma patsala misomali imene ankamangirapo zingwe, ndi mizere yobiriwira pamene masamba a kana ankakhudza mphepo ikawomba. Opita kumsika amachepetsabe liwiro akafika pakhomo pathu, n'kupitirira. Ana ayamba kale kujambulapo mabokosi a masewera awo ndi makala, ndipo palibe wowathamangitsa.

Mmisiri uja pochoka anati simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kuti isang'ambike. Tiya anati ntchito imeneyo ndi yake. Simentiyo inauma kalekale, ndipo mvula ikugwapo tsiku ndi tsiku, koma iye sanasiye. Amayambira kukhoma n'kumabwera kutsogolo pang'onopang'ono, keni yothirira ili pansipansi kuti madzi asakumbe. Dzulo ndinamupeza atagwada, nkhope ili pafupi ndi simenti, akuyang'anitsitsa kuchokera kumapeto ano mpaka uko.

"Amai," anatero, "maluba siyanamele."

Ndinatenga keni ija n'kupita kumpopi kukamutungira madzi ena.